Ndere zikavuta m'thanki ya nsomba, mankhwala si yankho

M'mahotela, m'maofesi ngakhalenso pabalaza m'nyumba zina, masiku ano si zachilendo kuona thanki ya galasi momwe mukusambira tinsomba tamawangamawanga pakati pa zomera zobiriwira. Ena amaitcha akwariyamu.

Ikakhala yatsopano, thankiyi imakopa maso moti mlendo amaiwala kuti amupatsa tiyi. Koma pakangotha mwezi kapena iwiri galasi limayamba kuchita chifunga, masamba amada, madzi n'kusanduka obiriwira ngati a pachithaphwi. Apa ndiye kuti ndere zafika.

Ambiri zikatere amakhuthula madzi onse, kutsuka galasi ndi sopo, mwinanso kuthira mankhwala ophera ndere. M'mawa mwake amapeza nsomba zili chagada, ndalama zalowa m'madzi. Chodabwitsa n'chakuti pakapita masabata ochepa ndere zija zimabweranso.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Ndere ndi chizindikiro chabe chakuti m'thankimo mwachuluka kuwala kapena chakudya kuposa momwe zomera zingagwiritsire ntchito. Zili ngati udzu m'munda: chimanga chikafooka, feteleza yense amapindulira udzu.

Si mdani nthawi zonse

M'nyanja ya Malawi ndere ndi chakudya. Nsomba za mbuna, zomwe zimakhala m'miyala ya ku Cape Maclear, Nkhata Bay ndi Likoma, zimakhalira kupala ndere pamiyala ndi timano tawo. Nsombazi n'zomwe zidachititsa kuti paki ya Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, iikidwe ndi bungwe la UNESCO m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Mbuna zomwezi n'zomwe malemu Stuart Grant adayamba kutumiza kunja kuchokera ku Senga Bay m'boma la Salima m'zaka za m'ma 1970, ndipo lero zimapezeka m'mathanki a ku Germany, America ndi Japan.

Nawo alimi a nsomba m'maiwe amachita kuthira manyowa dala kuti madzi abiriwire, chifukwa chambo ndi makumba zimadya tindere timeneti. Koma thanki ya pabalaza ndi yaing'ono, ndipo madzi ake sapita kwina kulikonse. Ndere zikachuluka zimaphimba masamba, zomera n'kufa. Usiku zimalimbirana mpweya ndi nsomba, n'chifukwa chake m'mamawa nsomba zimapezeka zikupuma mwawefuwefu pamwamba pa madzi.

Kuzizindikira

Sing'anga sapereka mankhwala asanaone nthenda. Ndere nazo zilipo mitundumitundu ndipo mtundu uliwonse uli ndi chomwe chimauyambitsa.

Zofiirira ngati fumbi, zomwe pa Chingerezi amati diatoms, zimakonda thanki yatsopano. Zimachoka mosavuta munthu akapukuta ndi chala, ndipo nthawi zambiri zimatha zokha pakapita masabata angapo. Apa mankhwala ake ndi kudekha basi.

Timadontho tobiriwira tolimba tomwe timamatirira pagalasi timasonyeza kuti kuwala kwanyanya. Timeneti timafuna kupala ndi lezala, mosamala kuti asacheke guluu wa m'makona a thanki.

Pali zina zokhala ngati ulusi kapena tsitsi lalitali zomwe zimakulunga zomera. Izi amazichotsa pozipotera ku mswachi watsopano, monga momwe amakulungira ulusi pakamtengo.

Madzi onse akasanduka obiriwira moti nsomba sizikuoneka, ndiye kuti mwaswana tindere tosaoneka ndi maso toyandama m'madzimo. Kawirikawiri wolakwa amakhala dzuwa la pazenera. Kusintha madzi pakokha sikuthandiza poti totsalato timaswana msanga. Chothandiza n'kuzimitsa nyale ndi kufunditsa thanki yonse bulangete kwa masiku atatu kapena anayi, makina opopera mpweya akugwirabe ntchito. Zomera zimapirira mdimawo koma ndere zimafa.

Zovutitsitsa ndi zakuda zonga ndevu, zomwe zimamera m'mphepete mwa masamba ndi pamitengo yokongoletsera. Sizizuka ndi chala. Zimakonda thanki yomwe muli nyansi zambiri komanso momwe mpweya wa carbon dioxide, omwe zomera zimagwiritsa ntchito popanga chakudya, ukusinthasintha. Tsamba logwidwa ndi ndere zimenezi n'lofunika kungolidula.

Chomaliza ndi chinthu choterera chobiriwira mopita kobuluu, chomwe chimayala ngati nsalu pamchenga ndipo chimanunkha ngati matope a padambo. Ngakhale anthu amati ndere, kwenikweni ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria. Timakonda malo omwe madzi sakuyenda. Mitundu ina imatulutsa poizoni: mu 2020 boma la Botswana lidalengeza kuti njovu zoposa 300 zomwe zidafa m'dera la Okavango zidamwa madzi okhala ndi poizoni wotereyu. Mwini thanki ayenera kuzipopa ndi kapaipi, kuonjezera kayendedwe ka madzi, kuika thanki mumdima masiku angapo ndi kusamba m'manja akamaliza.

Kupewa kuposa kuchiza

Choyamba ndi malo. Thanki isakhale pomwe dzuwa limawomba mwachindunji. Nyale yake iziyaka maola 6 mpaka 8 patsiku, osati kuyambira m'mawa mpaka anthu atagona. Pabanja pamafunika kugwirizana kuti woyatsa ndi wozimitsa ndani.

Chachiwiri ndi chakudya, ndipo apa mpomwe mabanja ambiri amagwa nayo. Bambo akadzuka adyetsa, mayi adyetsa, ana pobwera kusukulu nawonso adyetsa. Chakudya chotsala chimawola n'kusanduka feteleza wa ndere. Nsomba zimafunika chakudya chomwe zingamalize m'mphindi ziwiri kapena zitatu, kamodzi kapena kawiri patsiku. Nyenyeswa za nsima ndi buledi zisalowemo.

Chachitatu ndi madzi. Sabata iliyonse ndi bwino kuchotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo, kupopa nyansi za pansi, n'kuthiramo ena. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini yemwe amapha nsomba, choncho ayambe akhala m'ndowa yosavundikira kwa tsiku lathunthu kapena athiridwe mankhwala ochotsa kloriniyo. Madzi a pachitsime choyandikana ndi dimba lothiridwa feteleza akhoza kubweretsa chakudya cha ndere.

Siponji ya m'makina osefera madzi itsukidwe m'madzi omwe achotsedwa m'thankimo, osati a pampopi kapena a sopo. M'siponjimo mumakhala mabakiteriya abwino omwe amasandutsa zoipa za nsomba kuti zisakhale poizoni. Magetsi akazima nthawi yaitali mabakiteriyawa amafooka, motero tsiku limenelo ndi bwino kuchepetsa chakudya.

Chachinayi ndi zomera zenizenizo. Zikakhala zambiri komanso zathanzi zimalanda chakudya chomwe ndere zikadadya. Woweta mbuna adziwe kuti nsombazi zimafukula mchenga ndi kubudula masamba ofewa. Zomwe zimalimba ndi Anubias, yochokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, Java fern, komanso Vallisneria yomwe imamera m'nyanja ya Malawi momwe.

Zilipo nyama zothandiza kupala ndere, monga nsomba za Otocinclus ndi Ancistrus, komanso tinkhanu tomwe katswiri wa ku Japan, Takashi Amano, adatitchukitsa mpaka kutchedwa dzina lake. Komabe zing'onozing'onozi sizikhalitsa pakati pa mbuna, zomwe ndi zandewu. Ndipo palibe nsomba yomwe ingamalize ndere ngati nyale ikuyakabe usiku wonse.

Mankhwala ophera ndere akhale omalizira. Ambiri amakhala ndi kopa yemwe amapha nkhono ndi tinkhanu, ndipo ndere zikafa zambiri nthawi imodzi zimawola n'kumaliza mpweya m'madzi.

Chenjezo

Ena akamva kuti nkhono zimadya ndere amakatola za kunyanja kapena kumtsinje. Uku n'kuitanira matenda m'nyumba, chifukwa nkhono zina za m'madzi athu zimasunga tizilombo ta likodzo tomwe timalowera pakhungu munthu akapisa dzanja m'madzi.

Komanso zomera ndi madzi ochotsedwa m'thanki asatayidwe mumtsinje kapena m'ngalande. Namasupuni, yemwe wakhala akutseka mtsinje wa Shire ndi kusokoneza makina opangira magetsi ku Nkula, kwawo ndi ku South America ndipo adafalikira m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsera. Zomera zodulidwa ziumitsidwe padzuwa, ndipo madziwo athiriridwe maluwa kapena ndiwo zamasamba poti ali ndi chonde.

Thanki yopanda ndere ngakhale pang'ono kulibe. Tindere tochepa pamwala ndi umboni wakuti m'madzimo muli moyo, ndipo kwa mbuna ndi ndiwo. Chofunika n'chakuti mwini thanki akaona zikuchuluka ayambe wafunsa kuti nyale ikuyaka maola angati komanso ndi anthu angati akudyetsa nsombazo, asanaganize zopita kusitolo.