Nambala ya mayinasi muiike m'mabulaketi



Mayeso a JCE ndi MSCE akamayandikira, timaona ana odziwa bwino masamu akutaya malikisi chifukwa cha kachizindikiro kamodzi, ka mayinasi. Tiyeni tikaonetsetse limodzi.

Nambala ya mayinasi tiziiona ngati ngongole. Katswiri wa ku India, Brahmagupta, analemba malamulo ake m'chaka cha 628, ndipo nambala zoterezi ankazitcha ngongole. Dzina loti algebra linabwera pambuyo pake, kuchokera ku mawu a Chiarabu akuti al-jabr, a m'buku la al-Khwarizmi amene ankagwira ntchito ku Baghdad.

Titenge funso ili: pezani 2x² − 5x + 1 pamene x = −3.

Choyamba, paliponse pamene pali x tilembepo −3 ali m'mabulaketi: 2(−3)² − 5(−3) + 1.

Chachiwiri, titsate ndondomeko ya BODMAS: tiyambe ndi za m'mabulaketi, kenako sikweya, kenako kugawa ndi kuchulukitsa, pomaliza kuwonkhetsa ndi kuchotsera, kuyambira kumanzere kupita kumanja.

Sikweya ya (−3) ndi (−3) × (−3), yomwe ndi 9. Ndiye 2 × 9 = 18. Kenako −5 × (−3) = 15. Ena amadabwa kuti mayinasi awiri abala bwanji pulasi. Taganizani kuti muli ndi ngongole zisanu za K3,000 iliyonse, mwini wake n'kukukhululukirani zonse. Mwapindula K15,000. Yankho lathu tsono ndi 18 + 15 + 1 = 34.

Nanga amene waiwala mabulaketi? Iye amalemba −3², kutanthauza kuti 3 yekha ndiye wachulukitsidwa ndi 3, mayinasi n'kutsalira kunja. Amapeza −9, ndipo yankho lake limathera pa −2. Ngakhale makina owerengetsera masamu sangamupulumutse, chifukwa amayankha zimene walemba, osati zimene amaganiza.

Makolo, simufunika kudziwa algebra kuti muthandize. Madzulo ano muuzeni mwana wanu alembe (−3)² ndi −3², akufotokozereni chifukwa chake loyamba ndi 9 koma lachiwiri ndi −9. Akakanika, abwere nalo kwa aphunzitsi ake a masamu mawa lomwe. Inu ophunzira, lembani sitepe iliyonse pamzere wakewake, osadumpha. Mukatero, Insha Allah, malikisi amenewa sadzakupulumukaninso.