Viniga, Tochi ndi Kachitsulo Kotentha: Zipangizo Zoyezera Khansa ya Khomo la Chiberekero

Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, komwe kamafala pogonana, ndipo mwa mayi amene chitetezo cha m'thupi mwake chili bwino imatenga zaka 15 mpaka 20 isanakhwime, pomwe mwa mayi amene ali ndi HIV imatha kukula mofulumira kwambiri. Zaka zimenezi ndizo mpata wopulumutsira moyo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti m'Malawi, momwe khansayi imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse, mpatawu umatayika kawirikawiri chifukwa cha kusowa kwa zinthu zotsika mtengo.

Njira yofala m'zipatala za kumidzi ndi VIA, kutanthauza kuyang'ana khomo la chiberekero ndi maso litapakidwa viniga. Namwino amafunika bedi, magolovesi, tochi yowala bwino, thonje, viniga wa mphamvu ya 3 mpaka 5 peresenti, komanso speculum, chitsulo chooneka ngati mlomo wa bakha chomwe chimatsegula njira kuti khomolo lioneke. Pakatha mphindi imodzi, malo amene ayamba kudwala amayera mbuu. Chovuta chili pa zitsulozo, pakuti chilichonse chiyenera kutsukidwa ndi kuphedwa majeremusi chisanagwiritsidwenso ntchito, kaya m'makina a nthunzi kapena pochiwiritsa kwa mphindi 20, kotero kuti chipatala cha zitsulo zochepa, kapena chimene magetsi ake athima, chimabweza amayi amene ayenda mtunda wautali.

Kupeza malo oyerawo sikuthandiza ngati palibe chowachizira tsiku lomwelo, popeza mayi wouzidwa kuti adzabwerenso nthawi zambiri amalephera chifukwa cha ndalama zoyendera ndi ntchito za kumunda. Kwa zaka zambiri chithandizo chinali cryotherapy, ndiko kuumitsa malo odwalawo ndi mpweya wozizira kwambiri wa carbon dioxide kapena nitrous oxide, koma mpweyawu umabwera m'masilinda olemera, okwera mtengo, ovuta kunyamula m'misewu yamatope, ndipo ukatha makinawo amangokhala. Chipatala cha Nkhoma, m'boma la Lilongwe, mothandizana ndi akatswiri a ku Scotland, chinaonetsa kuti pali njira yopepuka yotchedwa thermal ablation, momwe kachitsulo kotenthetsedwa kufika pa madigiri 100 kamagunditsidwa pamalopo kwa masekondi 20 mpaka 30. Makina ake ena ndi ogwira m'manja, oyendera batire, moti amalowa m'chikwama cha namwino wopita kukayeza amayi kumidzi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza njirayi mu 2019, ngakhale zilonda zikuluzikulu zimafunabe kudulidwa ndi kawaya ka magetsi, njira ya LEEP, m'zipatala zazikulu.

Kuyambira 2021 WHO imalimbikitsa kuti kuyeza koyamba kukhale kofufuza HPV yeniyeniyo, chifukwa diso la munthu limaphonya zina. Mayi angathe kudzitengera yekha chikazi chokayezetsa ndi kathonje, zomwe zimachepetsa manyazi, ndipo makina a GeneXpert, omwe zipatala zambiri zili nawo kale poyezera chifuwa chachikulu, amapereka zotsatira pakatha pafupifupi ola limodzi. Koma mayi aliyense amafuna katiriji yakeyake yoika m'makinawo, yogulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo ikatha namwino amabwerera ku botolo la viniga.