Masewero 162 sanakwane kulekanitsa Boston ndi New York

Ku America kuli masewero otchedwa baseball. Timu iliyonse imalowa m'bwalo ndi anthu 9. Wina amaponya kampira kolimba, wa timu inayo n'kukamenya ndi chibonga, kenako n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi za bwalo. Akabwerera pamene anayambira, chimenecho n'chigoli. Mpira ukadumpha khoma, womenyayo pamodzi ndi anzake onse amene anaima pa ngodya amagoletsa nthawi imodzi. Timu iliyonse imamenya maulendo 9, ndipo ulendo umatha anthu ake atatu akatulutsidwa.

Matimu amaikidwa m'magulu, ndipo iliyonse imasewera ka 162 kuyambira kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo mpaka Okutobala akamayandikira. M'gulu lakum'mawa la American League muli adani awiri akalekale, Red Sox ya ku Boston ndi Yankees ya ku New York. Chidanicho chinakula Boston itagulitsa katswiri wake Babe Ruth ku Yankees kumapeto kwa 1919. Kuchokera pamenepo Yankees inayamba kuunjika zikho. Boston, yomwe inatenga chikho mu 1918, inangoti zii.

Choncho mu Julayi 1978 wochemerera Boston ankayenda mapewa ali m'mwamba. Timu yake inali patsogolo pa Yankees ndi masewero 14. Ku New York kunali chipwirikiti, mphunzitsi Billy Martin anachoka, m'malo mwake munalowa Bob Lemon. Koma chimanga cha m'munda si cha m'nkhokwe. Osewera a Boston anayamba kuvulala, ndipo Yankees inayamba kupambana tsiku ndi tsiku.

Nthawi imeneyo m'gulu munkatuluka timu imodzi yokha yokapikisana pa chikho. Wachiwiri, ngakhale atapambana kangati, ankapita kwawo. N'chifukwa chake mu Seputembala wochemerera ankakhala ndi mitima iwiri: khutu limodzi pa wailesi kumvera timu yake, lina kudikira zotsatira za mdani amene akusewera kumzinda wina.

Pa 7 Seputembala Yankees inafika pa bwalo la Fenway Park ku Boston itatsalira ndi masewero 4 okha. Inasewera masiku anayi, n'kupambana onse: 15-3, 13-2, 7-0 ndi 7-4. Anthu a ku Boston anaona ndi maso, pakhomo pawo pomwe, chuma cha Julayi chikutha ngati mchere m'madzi. Patangopita masiku ochepa anali m'mbuyo.

Apa ena anataya mtima, koma timu sinagonje. Inapambana masewero 8 omaliza motsatizana, ndipo pa tsiku lotsiriza Yankees inagonja kwa Cleveland. Matimu onse awiri anathera pa kupambana ka 99 ndi kugonja ka 63. Miyezi isanu ndi umodzi ya thukuta sinalekanitse kanthu. Panafunika sewero limodzi lowonjezera, ndipo linachitika Lolemba masana, pa 2 Okutobala, ku Fenway Park.

Boston inatsogola 2-0 mpaka ulendo wachisanu ndi chiwiri. Woponya wake, Mike Torrez, anali wa Yankees chaka cham'mbuyo, ndipo tsikulo ankaponya bwino. Anthu awiri a Yankees atatulutsidwa kale, awiri ataima pa ngodya, panafika Bucky Dent. Munthuyu sankaopedwa. Chaka chonsecho anali atadumphitsa mpira pa khoma kanayi kokha. Anadzimenya ndi mpira paphazi, anatsimphina, anasintha chibonga. Mpira wotsatira anaukweza kumanzere, kumene kuli khoma lobiriwira lalitali mamita 11, ndipo unatsetsereka pamwamba pake. Zigoli zitatu. Bwalo lonse linati chete ngati pamaliro.

Yankees inawonjezera kufika pa 5-2, Reggie Jackson atadumphitsanso mpira. Boston inabweza ziwiri. Pa ulendo womaliza, zinthu zili 5-4, awiri atatulutsidwa ndipo awiri ali pa ngodya, womenya anali Carl Yastrzemski, wa zaka 39, amene anasewera moyo wake wonse ku Boston osalawa chikho. Wochemerera akanapatsidwa mwayi wosankha, akanasankha iyeyo basi. Goose Gossage anaponya, Yastrzemski anamenya, mpira unangokwera m'mwamba pafupi pomwepo, Graig Nettles n'kuuwakha. Nyengo inathera m'manja mwake.

Yankees inapitirira n'kutenga chikho chaka chimenecho. Ku Boston mpaka lero ena amatchula dzina la Bucky Dent ataikamo mawu otukwana pakati.

Malamulo anasintha m'zaka za m'ma 1990, moti masiku ano timu yachiwiri m'gulu ikhoza kupitirira, ndipo sewero lowonjezera ngati lija analithetsa mu 2022. Boston inadikira mpaka 2004. Chaka chimenecho inakumana ndi Yankees pa mpikisano wolowera kumapeto, inagonja katatu motsatizana, kenako n'kupambana kanayi, zimene zinali zisanachitikepo m'mbiri ya Major League. Patangopita sabata imodzi inatenga chikho, choyamba m'zaka 86.