Basi ikali kudzala, lembani mizere isanu

"Tauni, tauni! Mmodzi cabe!" Tonse timaudziwa mkuwo uwu, ndipo timadziwanso kuti mmodzi wa ba kondakita ndi anthu asanu. Mwakwera, mwakhala, mwafendela kumbuyo, koma basi siicoka. Madzulo pa Kulima Tower, City Market kapena Lumumba nkhani ndi yomweyo. Ikanyamuka, jamu ya mu Great East Road kapena Kafue Road ili kukuyembekezani. Mukawerengetsa bwino, ambiri a ife timasiya ola lathunthu m'basi tsiku lililonse. Ine ola limeneli ndi limene linandiphunzitsa kulemba.

Poyamba ndikuuzeni cimene cinandiyambitsa. Atate anga anali telala. Madzulo alionse asanagone anali kutenga kabuku ka ana a sukulu ndi kulembamo mizere ingapo: tsiku, mtengo wa unga, amene wabweretsa nsalu, amene watenga nkhongole, mwana amene wadwala. Ife tinali kuwaseka, ati mudala afuna kukhala mtolankhani. Atamwalira tinapeza timabuku tawo m'katoni. Munthu wina anabwera nyumba ikali ndi maliro, ati atate anali ndi nkhongole yake. Amai anatsegula kabuku, napeza tsiku limene ndalamayo inabwezedwa, ndi dzina la amene analipo. Munthu uja anangoti, "Kapena ninaibala," basi wapita. Koma coposa ndalama, m'timabukumo tinapezamo mau a atate. Mpaka lelo tikawerenga timacita monga ali pa mashini awo, alankhula nafe.

Mutu wa munthu wa m'tauni umataya zinthu msanga. Pa 1 January 2013 ndalama yathu inacotsedwa maziro atatu, K1,000 inasanduka K1. Ndani akumbukila kuti tsiku loyamba anasokonezeka bwanji pa cenji? Kuciyambi kwa 2024 kolera inavuta mu Lusaka, odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium, masukulu sanatsegule mpaka mu February. Caka comweco madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambirimbiri. Manyuzipepala analemba ziwerengelo, koma za mmene inu munaphikila nsima pa mbaula ndi malasha odula, kapena mmene saluni yanu inakhalila yotseka, palibe wina adzalemba. Mukapanda kulemba inu, zapita.

Manje vuto ndi lakuti ambiri timayamba ndi moto. Timagula buku lokongola mu January, tsiku loyamba masamba atatu, laciwiri tsamba limodzi, lacitatu zii. Ine ndinacita zimenezi kangapo konse. Cimene cinandithandiza ndi kuleka kuyembekeza nthawi yabwino. Kunyumba kuli ana, TV, mbale ndi tulo. Nthawi imene siphonya ndi ya m'basi. Cizolowezi cimagwira mukacimangilila ku cinthu cimene mumacita kale tsiku ndi tsiku. Lamulo langa ndi limodzi: ndikakhala pa mpando, ndalama ya ba kondakita m'thumba la malaya, kabuku m'manja.

Caciwiri, cepetsani muyeso. Mizere isanu cabe. Pamwamba lembani tsiku ndi malo, monga "Lacitatu, Matero kupita ku tauni." Pansi pake cimodzi cimene mwaona, cimodzi cimene mwamva, cimodzi cimene cikukuvutani mumtima. Mizere isanu ndi mau ngati 50. Mukalemba masiku 300 pa caka, mwafika mau 15,000, kabuku ndithu. Madzi odontha pa mpopi amadzaza cigubu usiku umodzi.

Cacitatu, lembani basi ikali ciimile. Ikayamba kulumpha m'maenje, peni imalemba zake. Ngati mwapanikizana anayi anayi ndipo cigongono ca mnzanu cili m'nthiti mwanu, ingogwirani mau awiri atatu m'mutu, mukatsika muwalembe. Ena amakonda kulemba pa foni, ndipo palibe colakwa. Koma samalani pa windo, maka-maka pa sitesheni, cifukwa dzanja la kunja silicedwa. Ndiponso pa foni pali Facebook ndi WhatsApp, zimene zimadya mphindi zanu musanalembe ngakhale liu limodzi. Kabuku ka pepala palibe amene amakaba, ndipo sikafuna kucajing'a.

Cacinayi, lembani m'cilankhulo cimene mumaganizila. Ambiri timaopa peni cifukwa ku sukulu inki yofiira ya aphunzitsi inatizoloweza kuti kulemba ndi mayeso a Cizungu. Apa palibe wocongela. Ngati mau abwera mu Cinyanja ca m'tauni, cosakaniza ndi Cibemba ndi Cizungu, alembeni momwemo. Akuluakulu akumbukila Julius Chongo, amene anali kusimba nthano pa wailesi mu pologilamu ya Poceza m'Madzulo, nalembanso buku la Fumbi Khoboo! Anthu anali kumukonda cifukwa Cinyanja cake cinali ca moyo, cimene khutu limazindikila. Ngakhale KK analemba buku la Zambia Shall Be Free, limene linatuluka mu 1962, ali mkati mwa nkhondo ya ufulu. Sanayembekeze kuti ayambe wapumula.

Nanga mukaphonya? Mudzaphonya ndithu. Kudzabwera maliro, malungo, kapena tsiku limene mwacedwa ndipo mwakwera basi ili kale pa mseu. Musadziweruze, ndipo musayese kulipila masiku amene mwasowa mwa kulemba masamba asanu. Nkhongole yotere ndiyo imapha cizolowezi. Mawa lake lembani tsiku latsopano ndi kupitiliza. Ba dilaiva akapontsa tayala sagulitsa basi, amasintha ndi kubwelela pa mzere. Cimene ndimapewa ine ndi kuphonya masiku awiri otsatizana, cifukwa lacitatu kabuku kamakhala kaloŵa kale pansi pa cikwama.

Pa Sondo madzulo werenganinso za sabata yonse. Apa mpamene mudzaona phindu. Mudzaona kumene ndalama ya cilimba inapita, mudzaona kuti mutu umakuwawani masiku ati, ndi kuti mkangano wa kunyumba umayamba nthawi zonse lendi ikayandikila. Zina mudzaseka nokha. Cenjezo limodzi: zinsinsi za anzanu apaulendo musazilembe ndi maina, ndipo kabuku kanu kasungeni pamene ana safika.

Tsiku lina amai ena amene ndinakhala nao pafupi anasuzumila m'kabuku kanga. "Imwe, mulemba cani? Ndimwe ba polisi?" Ndinawauza kuti ndilembela adzukulu anga. Anakhala cete pang'ono, kenako anati, "Nibwelekeniko peni." Analemba kuseli kwa lisiti mpaka tinafika pa sitesheni.

Mawa m'mawa ba kondakita adzakuwanso kuti watsala mmodzi. Musakwiye nao. Tulutsani kabuku.