Kachiboliboli ka Pakhomo: Kodi N'kotamanda Kapena Konyoza?

Kuwerenga sikuthera pa zilembo zokha ayi. Zithunzi ndi ziboliboli nazo zimafuna kuwerengedwa, ndipo nkhani zimene anthu amasimba za izo zimafuna kuyesedwa. M'kope lino tatenga chitsanzo cha ku America, chifukwa mkangano wake ungatithandize ife a kuno ku Assumane pamene tikulemba mbiri ya kwathu.

Kachiboliboliko n'kotani?

Pa makomo ena ku America, pakati pa kapinga, pamaima kachiboliboli ka chitsulo kapena simenti kotchedwa lawn jockey. Ndi kamnyamata kovala ngati wokwera kavalo, katatambasula mkono umodzi. M'dzanjamo muli mphete yomangirapo kavalo, kapena nyali. Kale ntchito yake inali imeneyo, yomangirapo akavalo a alendo. Akavalo atalowedwa m'malo ndi magalimoto, kanatsala kongokometsera pakhomo.

Vuto lili pa nkhope. Tambiri mwa tiziboliboli takale tinapakidwa utoto wakuda bii, maso aakulu oyera, milomo yotupa yofiira, msana wowerama. Umu ndi mmene Azungu a kumeneko ankajambulira anthu akuda pofuna kuwaseka. Choncho anthu akuda ambiri akakaona amamva kuti: malo ako ndi panja, kudikira bwana.

Nkhani ziwiri zokoma

Koma alipo ena, akuda ndi oyera omwe, amene amati kachiboliboliko n'kaulemu. Iwo ali ndi nkhani ziwiri.

Yoyamba ndi ya Jocko Graves. Akuti usiku wa pa 25 Disembala 1776, pamene George Washington ankaoloka mtsinje wa Delaware ndi asilikali ake, mnyamata wakuda wa zaka 12 anatsala pagombe atagwira akavalo ndi nyali. Akuti anafa ndi chisanu ali chiimire, ndipo Washington anamupangira chiboliboli cha chikumbutso ku mudzi wake wa Mount Vernon.

Yachiwiri ndi ya akapolo othawa. Ukapolo usanathetsedwe mu 1865, kunali anthu achifundo amene ankabisa othawa m'nyumba zao ndi kuwalondolera kumpoto. Akuti iwo ankamanga kansalu pa mkono wa kachiboliboliko: kobiriwira kutanthauza "lowani, kuli bwino", kofiira kutanthauza "pitirirani, kuli adani".

Zimene ofufuza anapeza

Kuoloka kwa Washington n'koona, ndipo anthu obisa akapolo analipodi, monga mai Harriet Tubman. Koma osunga mabuku ku Mount Vernon atafufuza m'makalata a nthawiyo, sanapezemo dzina la Jocko Graves ngakhale chiboliboli chake. Nkhaniyi inafala ndi kabuku ka Earl Koger ka mu 1963, patapita zaka zoposa 180. Tisaiwalenso kuti pamene Washington ankamwalira mu 1799, pa Mount Vernon panali akapolo oposa 300.

Za tinsalu tija, olemba mbiri sanapeze umboni wa m'nthawi ya ukapolo. David Pilgrim, amene anayambitsa Jim Crow Museum ku Michigan, nyumba yosungiramo zinthu zimene zinkanyoza anthu akuda, ndi mmodzi wa okaikira. Ndipo tangoganizani: munthu wothawa usiku akadasiyanitsa bwanji chobiriwira ndi chofiira? Nanga chizindikiro chodziwika ndi ambiri chikadabisika kwa osaka akapolo?

Nanga n'chifukwa chiani nkhanizi zimakondedwa? Kwa munthu wakuda zimasandutsa manyazi kukhala ulemu, ndipo zimenezi n'zomveka. Kwa mwini kapinga zimapereka poyankhira: "Sindikunyoza, ndikukumbukira ngwazi." Koma ngakhale nkhanizo zikadakhala zoona, nkhope ija sikadasintha. Munthu amene ukumulemekeza sumupanga milomo yoti ana aziseka. Ife timaphunzitsa kuti munthu aliyense analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndiye nkhope ya munthu si yoseweretsa.

Kwathu kuno

Ku Mozambique nakonso tinali ndi chiboliboli cholankhula mitundu iwiri. Mu 1940 Apwitikizi anaimika pakati pa Lourenço Marques chiboliboli cha Mouzinho de Albuquerque ali pa kavalo. Iyeyu ndi amene anagwira mfumu Ngungunhane ku Chaimite mu Disembala 1895. Kwa atsamunda chinali chikumbutso cha ngwazi. Kwa eni dziko chinali chikumbutso cha kugonjetsedwa. Mu 1975 chinachotsedwa pabwalopo, chaka chomwe tinalandira ufulu. Sanachiphwanye ayi. Anachiika m'linga lakale la Fortaleza ku Maputo, kumene anthu amachiona monga umboni wa zimene zinachitika, osati monga chinthu chochigwadira. Nzeru yake ndi yofanana ndi ya a Pilgrim: chinthu chonyoza chichoke pakhomo, koma chisungidwe pamalo pophunzirira.

Phunziro kwa atsogoleri

Ambiri a inu mwayamba kulemba ndi ophunzira anu nkhani za agogo: za malonda a akapolo m'nthawi ya mfumu Mataka, za chibalo, za masiku amene Lichinga ankatchedwa Vila Cabral. Ntchito imeneyi ndi yamtengo wapatali, ndipo sitikunena kuti mawu apakamwa ndi abodza. Buku la wansembe Yohanna Abdallah la mbiri ya Ayao, la mu 1919, linachokera m'kamwa mwa akuluakulu. Chimene tikupempha n'chakuti nkhani iliyonse ikhale ndi mwini wake. Lembani amene wasimba, tsiku limene wasimba, ndiponso ngati anaona yekha kapena anangomva. Mukatero, adzukulu athu sadzavutika monga akuvutikira a ku America ndi Jocko. Nkhani ikakoma kwambiri, m'pamene tiyenera kudekha, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi nkhani ya Jocko inayamba kufala liti? Zimenezi zikutiuza chiani?
2. Mwini chiboliboli akati "sindikunyoza", koma mnansi wake akumva kuwawa, timvere ndani?
3. Tchulani nkhani imodzi yakale ya m'dera lanu. Ndani anayamba kuisimba, ndipo ndani wina angaitsimikize?