Kudziwa Cipolopolo Coyenera Mfuti Yakale

Cimanga cikayamba kukhwima, alimi ambiri atulutsa mfuti zimene anasiya makolo ao kuti apitikitse anyani ndi nguluwe. Bvuto ndi lakuti pa mfuti zambiri zakale malemba osonyeza ukulu wa cipolopolo anafafanizika ndi dzimbiri, ndipo zina zinasinthidwa mpope koma malemba anatsala akale. Mfuti za Martini-Henry za m'caka ca 1871 zinali za .577/450, koma kuyambira 1895 zambiri zinasandutsidwa za .303. Mfuti za Mauser za 8x57 ziri za mitundu iwiri: ya 1888 idya mutu wa .318 inci, ya 1905 idya wa .323. Kusiyanaku diso silingakuone, koma mutu waukulu mu mpope wocepa ungathe kuphulitsa mfuti pankhope pa mwini wace.

Amisiri a mfuti adziwa coona mwa kuumba cifanizo ca cipinda momwe cipolopolo cigona. Kale anali kuthira sulufule wosungunula, koma utsi wace ndi woipa ndipo cifanizo cace sicicedwa kusweka. Cimene amisiri akonda ndi citsulo cofewa cochedwa Cerrosafe, cimene cisungunuka cisanafike pa kutentha kwa madzi owira.

Mmisiri ayamba waona kuti mfuti iribe kanthu m'kati, nacotsa bauti. Atsuka cipindaco bwino ndi kupakamo mafuta pang'ono cabe. Kenaka atseka mpope ndi kansalu, inci imodzi kupitirira pothera cipinda, kuti mizere ya m'kati mwa mpope nayonso idindike. Aimika mfuti kamwa pansi nathira citsuloco kufikira cipinda cidzale. Apa ndi pamene ambiri alakwa: cikasefukira m'mipata ya bauti, cifanizo cikana kutuluka.

Nthawi ndiyo yofunika kopambana. Pa mphindi 30 zoyamba citsuloci cicepa pang'ono, ndipo pamenepo acikankha ndi ndodo yotsukira kucokera ku kamwa. Ora limodzi likakwana cibwerera pa msinkhu weniweni wa cipinda, ndiyo nthawi yopima. Pambuyo pace cipitiriza kufufuma, kotero wociiwala mu mfuti usiku wonse adzacicotsa ndi madzi owira.

Ndi cipangizo ca micrometer apima utali, tsinde, phewa ndi khosi, nalinganiza ndi miyeso ya m'mabuku a zipolopolo, pokumbukira kuti cipinda cikula pang'ono kuposa cipolopolo cace. Lee-Enfield ibvutako, pakuti mizere yace ndi 5 pa mfuti zambiri ndipo siipenyana.

Cifanizo cinena ukulu wokha, sicinena mphamvu ya citsulo. Mfuti yopangidwira wonga wakuda ingasweke ndi wonga wamakono ngakhale cipolopolo cilowe bwino. Cifukwa cace tengani mfuti yanu pamodzi ndi laisensi yace kwa mmisiri wololedwa, ayione yonse musanaiombe.