Njala ya 2002 idatha, koma kodi idatuluka m'thupi?

Mkonzi wathu atamva kuti padutsa zaka 80 chithereni njala ya ku Netherlands, adandituma ndi funso limodzi: ife amene njala imatiyendera pafupifupi chaka ndi chaka, nkhani ya azungu imeneyi ikutikhudza pati?

Njala ya kumeneko idabwera ndi nkhondo. Kumapeto kwa 1944, ogwira ntchito zasitima atanyanyala, asilikali a Germany adabwezera potseka njira zolowetsera chakudya kumadzulo kwa dzikolo. Chisanu chitafika, ngalande zomwe mabwato ankadutsamo zidaundana. Ku Amsterdam, Rotterdam ndi The Hague chakudya chogawidwa chidatsika kufika pa makalori 400 mpaka 800 pa tsiku, pomwe munthu wamkulu amafuna oposa 2,000. Anthu adadya mizu ya maluwa a tulip, ndipo pafupifupi 20,000 adamwalira dzikolo lisanamasulidwe mu Meyi 1945.

Zipatala sizidaleke kulemba kaundula wa amayi oyembekezera, n'chifukwa chake ana a nthawi imeneyo akhala akutsatidwa mpaka ku ukalamba. Amene njala idawapeza miyezi yomaliza ya mimba adabadwa ochepa thupi, zomwe mzamba aliyense akadalosera. Amene idawapeza pathupi pangoima kumene adabadwa olemera bwinobwino, koma atakula kunenepa kopyola muyeso ndi matenda a mtima zidawachulukira kuposa anzawo. Mu 2008 ofufuza adayeza magazi a anthu 60 otere n'kuyerekeza ndi a abale awo a bere limodzi amene njala sidawapeze m'mimba. Pa jini lina loyendetsa kakulidwe, lotchedwa IGF2, tizizindikiro ta methyl tidali tochepa, patatha zaka 60. Tizizindikiro timeneti sitisintha jini. Timangolichititsa kugwira ntchito kwambiri kapena pang'ono, monga muja tichitira pokweza kapena kutsitsa wailesi osasintha siteshoni. Zopangira zake thupi limazitenga m'mbale: folate ya m'masamba ndi nyemba, vitamini B12 ya mu nsomba ndi nyama, choline ya m'mazira ndi chiwindi.

Kwathu kuno ana a njala ya 2002 ndiwo akubereka tsopano. Mmodzi wa iwo ndidamuona pa sikelo ya amayi oyembekezera pa chipatala china chaching'ono ku Kasungu, boma lomwe njalayo idaluma kwambiri.

Adali mtsikana wamfupi, wochepa thupi, wa mimba yoyamba. Buku lake la kuchipatala adalikulunga m'kapepala ka pulasitiki komwe mudachoka shuga, ndipo mapazi adatupa moti zingwe za patapata zidasiya mizere pakhungu. Sankayankhula zambiri. Woyankhula adali mayi ake, omwe adamuperekeza, munthu wa msinkhu wosakalamba kwenikweni koma wa manja ouma ndi khasu, atamanga ndalama ya kabaza pa ngodya ya chitenje. Namwino adamanga lamba woyezera pa mkono wa mtsikanayo, adayang'ana manambala, adamasula, adadikira pang'ono n'kumanganso.

"Mayi, kumtundu kwanu kuli wina wodwala BP?"

Mtsikanayo adatembenukira kwa mayi ake.

"Kwathu kulibe zimenezo anesi. Ndi njala ija iyi. Ine ndidadya mizu ya nthochi ameneyu ali m'mimba."

Titakhala pa benchi panja, mayiwo adandifotokozera mwadongosolo, akuwerenga pa zala. Pathupi padaima mu Januwale 2002, nkhokwe itauma kalekale. Ankapita ku ganyu mbandakucha kukabandira m'munda wa fodya wa munthu, malipiro ake mbale ya gaga. Gaga akasowa ankakumba zitsa za nthochi, kuzisenda, kuziyanika, kusinja. Nsima yake inkatuluka yakuda, yosagwirana, ndipo ana ankailira koma n'kumadya. Chimanga adayamba kuchithyola chisanakhwime, kuopa akuba ndi kuopa kufa. Sadadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati mpaka atakolola, chifukwa kusamba kudali kutasokonekera kale ndi njala. Mwana adabadwa mu Okutobala, wojintcha, wolira mokweza, ndipo apongozi adavina nati uyu njala idamulambalala.

Kenaka adafunsa chomwe chidawadzutsa m'mawa umenewo: "Nanga mdzukulu wangayu, nayenso atengera?"

BP ya mtsikanayu payokha si umboni wa kanthu. Kuthamanga kwa magazi pa mimba yoyamba kumagwira ngakhale ana a anthu olemera amene sadagonepo ndi njala. Koma funso la mdzukulu ndi lomwe akatswiri akukanganirana mpaka lero, ndipo mkangano wake ndi wotentha.

Amene amati inde ali ndi poimira. Mu 2003 ku America mbewa zazikazi za mtundu wina zidapatsidwa chakudya chowonjezeredwa folic acid, B12, choline ndi betaine zisanatenge bere komanso zili ndi bere. Ana ambiri adabadwa a ubweya woderapo ndipo sadanenepe, pomwe ana a mbewa zodya chakudya wamba ambiri adali achikasu, onenepa, osachedwa kudwala shuga. Majini adali amodzi, chosiyana chidali tizizindikiro tija. Ku Netherlands komweko, zidzukulu zobadwa kwa amayi amene njala idawapeza m'mimba zidapezeka ndi mafuta ambiri m'thupi pobadwa. Ku Överkalix, kumpoto kwa Sweden, mabuku akale a zokolola ndi a maliro adaonetsa kuti amuna amene adadya mokhuta kwambiri atatsala pang'ono kutha msinkhu adali ndi zidzukulu zomwe zidafa ndi shuga mochuluka. Nkhani zimenezi zimakoma kukamba, ndipo pa intaneti zafika kale poti njala ya agogo ili m'magazi mwathu.

Otsutsa amati tisathamange. Mwa anthu ndi nyama zonse zoyamwitsa, tizizindikiro tambiri timafufutidwa kawiri: pamene mbewu ya abambo kapena dzira la amayi likupangidwa, ndiponso masiku oyamba ziwirizi zitakumana. Choti chidutse zipata ziwirizo n'kukafika kwa mdzukulu chaoneka bwino mu zomera ndi mu tinyongolotsi ta m'nyumba zofufuzira, osati mwa munthu. Amakumbutsanso kuti mazira a mwana wamkazi amapangidwa iye adakali m'mimba mwa mayi ake. Ndiye kuti dzira lomwe lapanga mdzukulu wa ku Kasungu uja lidapangidwa m'thupi lomwe lidangotuluka kumene mu njala ya 2002. Ngati mdzukuluyo adzakhale ndi vuto, kungakhale kuti njala idamukhudza yekha, osati kuti adachita kulandira ngati chuma cha masiye. Mdzukulutuvi ndiye angathetse mlanduwu, ndipo umboni wa m'badwo umenewo mwa anthu kulibe wogwirika.

Pali zinanso. Kusiyana komwe kudapezeka mu 2008 kudali kwa pafupifupi 5 pa 100 iliyonse, ndipo kudayezedwa m'magazi, osati mu mtima kapena mu kapamba momwe matendawo amachitikira. Anthu a ku Överkalix adali ochepa. Ndipo mu 2018 padatuluka ganizo lomwe lidagwedeza ngakhale okhulupirira: miyezi isanu ndi inayi kuchokera pamene njala ya ku Netherlands idafika pachimake, chiwerengero cha ana obadwa chidatsika pafupifupi ndi theka. Mwina njala sidalembe kanthu pa majini a wina aliyense. Mwina mimba zomwe zidapulumuka ndi zomwe zidali kale ndi tizizindikiro tothandiza kupirira, zinazo zidapita padera amayi osadziwa. Mayi a ku Kasungu aja adatchula okha, osafunsidwa, anzawo a m'mudzi amene mu 2002 sadaone mwana.

Ine ndikuona kuti pa nkhani ya mdzukulu otsutsawa ali ndi mfundo zolemera. Mayi amene adakula mopinimbira amabereka mwana wochepa thupi, mwanayo amakulira pa nsima yomweyo ya ufa woyera ndi ndiwo zomwezo, m'munda womwewo wa ekala imodzi. Umphawi umayenda m'banja popanda kupempha thandizo kwa majini. Ndipo mawu oti zili m'magazi ali ndi kuipa kwake: amamanga manja. Mayi wa zaka za m'ma 40 amayamba kudziona ngati wolakwa pa njala yomwe sadaiitane.

Chomwe mbali zonse sizitsutsana ndi cha masabata oyamba a mimba, ndipo apa umboni wotiyandikira ukuchokera ku Gambia, komwe njala ndi ya pachaka ngati yathu. M'midzi ya West Kiang mvula imagwa kuyambira Julaye mpaka Okutobala, nkhokwe zitatha, ntchito ya kumunda ili pachimake, amayi akuwonda. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2014 zidaonetsa kuti michere ya m'magazi a amayi imasintha ndi nyengo, ndipo ana amene pathupi pawo padaima nthawi ya mvula adali ndi tizizindikiro tosiyana ndi ta anzawo a m'chilimwe. Chodabwitsa n'choti a nyengo ya njalayo ndiwo adali nato tambiri. Nthawi yomwe nkhokwe yauma ndi yomwenso masamba ali mbwee, monga achitira bonongwe, chisoso ndi nkhwani kuno mu Febuluwale. Kukhuta ndi kudya bwino si chinthu chimodzi.

Msana wa mwana umatsekeka pofika tsiku la 28 chiimireni pathupi, ndipo folic acid yomwedwa nthawi imeneyo isanakwane imachepetsa kwambiri ana obadwa ndi msana wosatsekeka. Koma amayi ambiri kuno amayamba sikelo miyezi itatu itadutsa. Ena amakhala asanadziwe, ena amabisa dala kuopa maso a anthu. Mtsikana wa ku Kasungu adayamba mimba ili ndi miyezi isanu. Ufa wowonjezeredwa michere ulipo m'sitolo, koma amene amakonola chimanga chake n'kupita nacho ku chigayo cha pamudzi sumufikira.

Namwino sadalowe m'mikangano yonseyi. Adapereka mapiritsi owonjezera magazi, adalemba kalata yopita ku chipatala chachikulu cha boma, nachenjeza kuti mutu ukapweteka kwambiri kapena maso akachita chidima asadikire kuti kuche. Atatchula dzira limodzi pa tsiku, mayi aja adaseka n'kuphimba pakamwa ndi chitenje. Kwawo woyembekezera sadya mazira, mwana angabadwe wopanda tsitsi. Nkhuku ali nazo, koma mazira amagona pansi pa thadzi kapena amapita ku msika kukasanduka sopo ndi mchere. Adalonjeza kuti akaganiza, ndipo mwana wawo, amene m'mawa wonse sadatsutse kanthu, adanong'ona kuti iye amadya kale akapita kwa anzake.

Pa mabenchi onse a sikelo amuna adali owerengeka, ndipo amene adabwera sadafunsidwe zomwe amadya, ngakhale kuti mu mbewa chakudya cha yaimuna chapezeka kuti chimakhudza momwe thupi la ana ake limagwiritsira ntchito shuga ndi mafuta. Ambiri adali kunja kwa mpanda, pa chiwaya, kudikira akazi awo uku akudya tchipisi ndi kutsutsana za mtengo wa fodya wa chaka chimenecho.